Yadya bwino usiku, m'mawa mimba ngati ng'oma

Abale anzanga a pamsika, masiku ano ukalowa mu saluni, mu lesitilanti kapena m'shopu ya mafoni ku Limbe, ku Lilongwe ngakhale ku Mzuzu, si zachilendo kupeza kathanki kagalasi pakona, tinsomba tikusambira m'menemo. Eni ake amati kasitomala akamayang'ana nsomba saona kuchedwa, ndipo mwana wolira pokana kumetedwa amatonthola. Zoona ndithu. Koma chimene sakuuzani n'chakuti ambiri alirapo maliro a nsomba, ndipo imfa yake imakhala imodzimodzi: madzulo yadya bwinobwino, m'mawa mimba yatupa, tsiku lachiwiri yagona chagada. Ndalama zalowa m'madzi, zenizeni.

Zimene ndikunena pano ndi zija zandevu zokonda pansi, abale ake a mlamba ndi kampango. M'mathanki mumapezeka kwambiri mitundu itatu. Pali Corydoras, kansomba kakang'ono kochokera ku South America kokonda kuyenda m'gulu. Pali pleco, nayonso ya komweko, ija imamatirira pagalasi ndi kukamwa ngati ikupukuta zenera. Ndiye pali yathuyathu, nkholokolo, imene akadaulo amaitcha Synodontis njassae. Imeneyi kwawo ndi m'nyanja ya Malawi basi, ndipo pamene msodzi wa ku Mangochi amadandaula nayo kuti ikumukolera ukonde ndi minga yake, ku Ulaya anthu amaigula kuti azingoiyang'ana. Malonda otumiza nsomba zamoyo kunja anatchuka ndi malemu Stuart Grant, amene anakhazikika ku Senga Bay m'boma la Salima ndipo anamwalira mu 2007.

Ndipo imvani izi. Oweta nsomba kunjako ali ndi matenda otupitsa mimba amene anawapatsa dzina la dziko lathu, ati "Malawi bloat", chifukwa amakonda kugwira mbuna za m'nyanja mwathu zikamadyetsedwa zonona. Mayiko ena amatchuka ndi golide, ife tinatchuka ndi mimba yotupa. Kaya.

Ine ndaweta nsomba zoterezi kwa zaka zingapo, choncho anzanga akaona zachilendo amandiitana. Mayi wina wa saluni ananditumizira uthenga m'mamawa kuti ndithamange. Nditafika ndinapeza nkholokolo yake ili pakona, mimba nd'iyo, ikupuma mwawefuwefu, maso atatuzuka.

"Achimwene, andilodzera nsomba. Ndi ameneyu wa saluni yapafupiyi, nsanje," anatero mayiwo akuloza khoma.

Ndinawafunsa zinthu zitatu: madzi anasintha liti, magetsi anazima nthawi yaitali bwanji, ndipo nsombayo imadya chiyani. Yankho lake linali lakuti dzana mtsikana wantchito anatsuka thanki yonse mpaka kuwala, sefa anaitsuka pampopi, usiku womwewo magetsi anazima mpaka kucha, ndipo makasitomala amakonda kuiponyera nyenyeswa za buledi ndi mandasi. Mfiti inali yomweyo. Nsombayo inafa tsiku lotsatira, koma zinzake zinayi zinapulumuka titasintha kasamalidwe.

Kuti mumvetse, kutupa mimba pakokha si matenda ayi, ndi chizindikiro chabe, monga mmene kutentha thupi kulili kwa munthu. Thupi la nsomba ya m'madzi opanda mchere lili ndi mchere wambiri kuposa madzi amene ikukhalamo. Chifukwa cha ichi madzi amalowa okha m'thupi mwake kudzera m'makha ndi pakhungu, usana ndi usiku, ndipo impso zake zimagwira ntchito yopopa madziwo kuwatulutsa osapumula. Tsiku limene impso zafooka, madzi amangolowa osatuluka, n'kudzaza m'mimba. Zili ngati bwato lobooka pamene wokapa madzi wagona tulo.

Nsomba ya mamba ikafika apa, mamba ake amanyamuka n'kuoneka ngati chinanazi, mwini wake n'kudziwa msanga. Tsoka la zandevuzi n'lakuti zilibe mamba otero. Nkholokolo ndi yakhungu, pamene Corydoras ndi pleco zinavala timafupa tophwatalala ngati zishango. Onjezani kuti nkholokolo ndi pleco zimabisala masana n'kumadya usiku. Choncho zimene timati mwadzidzidzi, kawirikawiri nsombayo imakhala yadwala masiku angapo kuseri kwa mwala, inu muli kalikiliki kuwerenga chenje.

Nanga chimafooketsa impso n'chiyani? Nthawi zambiri ndi mabakiteriya, makamaka otchedwa Aeromonas, amene amakhala m'madzi alionse osavutitsa nsomba yathanzi, koma amailowerera ikangofooka. Ndipo chimene chimaifooketsa koposa ndi madzi oipa. Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu.

Ndowe za nsomba ndi chakudya chotsala zikamaola zimatulutsa poizoni wotchedwa amoniya. M'chinkhupule cha sefa ndi m'timiyala ta pansi mumakhala mabakiteriya ena abwino amene amasandutsa amoniya kukhala naitraiti, kenako naitreti amene saopsa kwambiri. Mabakiteriya abwinowa amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti achuluke mu thanki yatsopano. Ukatsuka chinkhupule ndi madzi apampopi, klorini amawapha. Magetsi akazima maola ambiri, madzi sayenda m'sefa, iwo amasowa mpweya n'kuyamba kufa, ndipo magetsi akabwera pampu imalavulira uve wonsewo mu thanki. Madzi amaoneka oyera mbee, koma ndi chiphe. Naitraiti amaononga magazi a nsomba mpaka amasanduka abulauni, osathanso kunyamula mpweya. Inu ogulitsa chambo mumadziwa kale kutsegula makha pofuna kuona ngati nsomba ili yatsopano. Luso lomwelo ligwiritseni ntchito pano: makha a nsomba yathanzi amakhala ofiira, akakhala otuwa kapena abulauni dziwani kuti zinthu zavuta.

Ndipo poti zandevuzi zimakhala pansi pomwe uve wonse umadikha, ndizo zimayamba kulawa tsoka. Ndevu zikayamba kufupika kapena pamimba pakafiira, pansi pa thanki panu pali nyansi.

Bodza lalikulu limene lapha nsomba zambiri ndi lija lakuti izi n'zosesa, sizifuna chakudya, zimadya ndowe za zinzake. Ayi ndithu, palibe nsomba ya mu thanki imene imakhalira ndowe. Wina amaimana chakudya mpaka mimba kulowa m'kati, wina amaikhutitsa nsima ndi buledi mpaka kudzimbidwa. Pleco matumbo ake ndi aatali, opangidwira ndere ndi zamasamba. Ipatseni kachidutswa ka nkhaka kapena dzungu lofutsa pang'ono, ndipo muikemo kachikuni koyenera mu thanki koti izinyambita. Nkholokolo ndiye ndi yosusuka, sidziwa kukhuta. Idyetseni kamodzi madzulo, chakudya chomira pansi, chochepa choti chithe m'mphindi zochepa.

Kuzizira nakonso. Nsombazi zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 27. Chiperoni cha Juni ndi Julayi ku Blantyre, shopu yamalata, hita yosagwira: nsomba imaleka kugaya chakudya bwino ndipo chitetezo chake chimatsika.

Komatu si mimba iliyonse yaikulu imene ili ya matenda. Corydoras yaikazi ikakhala ndi mazira imanenepa m'mbali monse mofanana, koma imadya ndi kusambira ndi zinzake mwachizolowezi. Nkholokolo yomwe yangodya kumene imakhala ndi kamimba, m'mawa n'kuphwa. Ndiponso musadabwe Corydoras ikathamangira pamwamba kukameza mpweya apo ndi apo, chifukwa imatha kupumira m'matumbo. Chodetsa nkhawa ndi nsomba yotupa yomwe yasiya kudya, ikupuma mofulumira, ikutulutsa ndowe zoyera zonga ulusi, kapena ikulephera kukhazikika pansi.

Mukaona zotere, choyamba si mankhwala. Sinthani theka la madzi tsiku lomwelo, koma ndi madzi amene agona mu ndowa yosavindikira kwa maola 24 kuti klorini atuluke, kapena othiridwa mankhwala ochotsa klorini a m'shopu za ziweto. Chenjerani ndi ndowa ya madzi akumwa imene mwathiramo WaterGuard: kwa ana anu ndi chitetezo ku kolera, kwa nsomba ndi imfa. Madzi atsopanowo asakhale ozizira kuposa a mu thanki. Chinkhupule cha sefa chifinyeni m'madzi akale amene mwachotsa mu thanki, osati pampopi, ndipo sopo asayandikire n'komwe.

Yodwalayo ipatuleni muike m'chidebe china choyera chokhala ndi pampu ya mpweya. Poigwira gwiritsani ntchito kapu kapena botolo lodula, chifukwa minga yake imakola mu kaukonde ndipo ikakubayani chala mudziwanso. Isiyeni osadya masiku awiri kapena atatu, kenako muipatse nsawawa yophika yosenda khungu. Ngati vuto linali kudzimbidwa, izi zokha zimatha kuichiritsa. Oweta ambiri amathiranso mchere wa Epsom wa ku famase, osapitirira kasupuni ka tiyi kamodzi pa malita 20, wothandiza kuphwetsa mimba. Si mchere wa m'ndiwo umenewu, musasokoneze.

Pa tizilombo ta m'matumbo, mankhwala odziwika ndi metronidazole, Flagyl yemwe uja. Koma ndikupempheni, musathamangire kugula makapisozi a pa benchi n'kukhuthulira mu thanki. Mlingo wake mufunse dokotala wa ziweto. Mankhwala opha mabakiteriya akathiridwa mwachisawawa amaphanso abwino aja a m'sefa, vuto n'kukula. Dziwaninso kuti nsomba zopanda mamba sizipirira mankhwala ena amene zinzake zimapirira, monga okhala ndi kopa, fomalini kapena malachite green. Ndipo kunena mosapsatira, nsomba imene yatupa mpaka maso kutuzuka, impso zake zimakhala zaonongeka kale ndipo zochira n'zochepa. Mphamvu zanu ikani populumutsa zotsalazo.

Pogula, khalani ngati muli pa kaunjika. Yang'anani thanki yonse ya wogulitsa, ngati muli yakufa kapena yotupa ngakhale imodzi, bwezani ndalama m'thumba. Pleco muione kumimba ikamamatira pagalasi: mimba yolowa m'kati ndi maso olowa ndi nsomba ya njala imene singakhalitse. Mukafika nayo musaisakanize ndi zakale, ikhale payokha masabata awiri kapena anayi. Kenako chizolowezi chikhale chosintha gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi sabata iliyonse, mukukoka uve wa pansi ndi kapaipi.

Ikafa, musaigwire ndi dzanja la bala. M'mathanki mumatha kukhala bakiteriya wotchedwa Mycobacterium marinum amene amalowa pachilonda n'kuyambitsa zotupa zosapola msanga pakhungu, makamaka kwa munthu amene chitetezo chake cha m'thupi n'chotsika. Valani jumbo kumanja. Musaipatse mphaka, ndipo madzi ake kapena mtembo wake musataye mu ngalande yopita kumtsinje. Tinaona mu 2020 pamene matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anabuka ku Mchinji, boma mpaka kuletsa kugwira ndi kugulitsa nsomba m'deralo, a malonda n'kukhala manja lende. Kumbani dzenje lakuya kuseri, thiranimo madziwo, ikanimo nsombayo, kwirirani.