Chithunzi cha nkhope za ndwii chomwe sichikalamba

Mwina munachionapo pa foni: bambo wagwira foloko yokokera udzu, mayi ali pambali pake, onse nkhope zili ndwii ngati ali pamaliro. Ndi American Gothic, chomwe Grant Wood anajambula mu 1930. Anthu ena a ku Iowa anakwiya, ati chikuwanyoza.

A pa TV sanachisiye. Desperate Housewives ikamayamba, bambo uja amamwetulira kamtsikana kena, mayi n'kuthera pa chitini cha nsomba. Zoseketsa ndithu.

Koma amene anachitembenuza mopweteka ndi Gordon Parks. Mu 1942, atakanizidwa kudya m'malesitilanti a ku Washington chifukwa chokhala wakuda, anajambula ndi kamera Ella Watson, mayi wosesa m'maofesi a boma, tsache kumanja, mopu pambali, mbendera ya America kumbuyo. Dzina anachipatsa lomwelo.