Malo omwera pakhomo: zomwe timamva ndi zoona zake

Fodya akagulitsidwa ku Chidzolomondo ndi ku Furancungo, kapena mbatatesi zikayenda malonda ku Tsangano, ndalama imaonekera pakhomo: malata atsopano, njinga yamoto, sola padenga. Ena amaganizanso zomanga kachisakasa pambali pa nyumba, poti azilandirirapo alendo ndi kucheza ndi anzawo pa chakumwa, m'malo mochezera kubaraka mpaka usiku. Ganizoli ndi labwino. Koma pali zonena zambiri zimene timangolandira kwa anzathu osazifufuza. Zina zimangotayitsa ndalama, zina zimatayitsa moyo.

"Pamafunika ndalama zambiri ndi zipangizo za m'tauni"

Ambiri amagwa mphwayi akaona zithunzi za mabala a ku Tete kapena ku Lilongwe, okhala ndi magalasi ndi matailosi. Zoona zake n'zakuti chimene chimapangitsa malo kukoma kukhalapo ndi miyeso yabwino. Nsanamira za bulugamu, nsungwi, udzu wofolera ndi njerwa zowotcha n'zokwanira. Ngati mukufuna kauntala, ikhale yotalika pafupifupi masentimita 105, mipando yake masentimita 75, ndipo thabwa lapamwamba litulukire kunja pang'ono kuti mawondo apeze polowa. Munthu aliyense mumuwerengere malo a masentimita 60, ndipo kuseri musiye mpata wa masentimita 90 woti wothira zakumwa azitembenukira. Mdani wamkulu ndi chiswe: nsanamira ikhale pamwala kapena pasimenti, isakwiriridwe m'dothi ili yosateteza. Kumbukiraninso kuti akuluakulu athu amakonda kukhala pansipansi mozungulira, chipanda chikuyenda dzanja ndi dzanja. Mabenchi awiri ndi katebulo kakafupi nthawi zambiri zimagwira ntchito kuposa kauntala yaitali.

"Popanda filiji palibe chozizira"

Kumapiri kuno nyengo imatithandiza kale, makamaka mu Juni ndi Julayi. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, ikani mtsuko waung'ono m'kati mwa waukulu, pakati pake mudzaze mchenga wonyowa, pamwamba muphimbe ndi chiguduli chonyowa, n'kuika pamthunzi podutsa mphepo. Madzi akamauma amachoka ndi kutentha, ndipo botolo la 2M, Manica kapena Fanta limatuluka lozizira bwino. Njirayi imagwira kwambiri m'chilimwe mpweya ukakhala wouma. M'dzinja mphamvu yake imachepa. Dziwani kuti imangoziziritsa. Masese kapena thobwa sizisiya kusasa chifukwa zili mumtsuko wotere.

"Chigubu chilichonse chikatsukidwa chayera"

Ichi n'chikhulupiriro choopsa m'dera lolima fodya ndi mbatatesi, kumene zigubu za mankhwala opopera mbewu zimapezeka pafupifupi khomo lililonse. Pulasitiki imamwa mankhwala ena, ndipo sopo ndi phulusa sizichotsa onse. Mowa umasungunula zinthu zimene madzi amalephera, choncho chigubu chimene chikuoneka choyera chingathe kubwezera poizoni m'chakumwa. N'chimodzimodzi ndi madiramu amene munali mafuta a galimoto kapena penti. Gwiritsani ntchito mbiya, kapena chigubu chimene mukudziwa bwino kuti munali zakudya, monga mafuta ophikira. Mankhwala a kumunda asasungidwe m'chisakasa chomwera, ngakhale pakona.

"Mowa wa pakhomo suvulaza pokhapokha wina athiremo ndulu ya ng'ona"

Pamenepa tikhalitsepo, chifukwa nkhaniyi inachitika m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete. Pa 9 Januwale 2015, anthu a ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, anamwa mowa wa pombe pochokera kumaliro. Anthu oposa 200 anadwala, ndipo 75 anamwalira, kuphatikizapo mayi amene anafulula mowawo. Boma linalengeza masiku atatu olira m'dziko lonse. Mbiri imene inawanda mwamsanga, mpaka m'nyuzi za kunja, inali yoti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Anthu anayamba kuyang'anana ndi diso lokayika.

Mowawo ndi ufa wake zitayezedwa m'malo ofufuzira, ena a ku America, chinapezeka n'china. Mu ufa wa chimanga munali tizilombo totchedwa Burkholderia gladioli, timene timapanga poizoni wotchedwa bongkrekic acid. Ufawo unali utanyowa ndi madzi osefukira n'kuyamba kuwonongeka. Anthu anaona kuti sungaphikidwe nsima, koma anaganiza kuti mowa ungathe kufululidwa nawo. Panalibe wanjiru, panalibe mfiti. Ndipo ofufuza a ku Zimbabwe anali atayesa kale ndulu ya ng'ona m'zaka za m'ma 1980 n'kupeza kuti ilibe ukali umene anthu amainenera.

Poizoni ameneyu alibe fungo, samveka pakamwa, ndipo safa ndi moto, ngakhale phala libwadamuke motani. Amawononga chiwindi, impso ndi ubongo, ndipo palibe mankhwala omuthetsa m'thupi. Mwambo wathu woti mwini mowa ayambe walawa pamaso pa alendo ndi waulemu, tiusunge, koma sungateteze ku chinthu chimene chimayamba kuonetsa zizindikiro patapita maola. Chitetezo chili pa ufa. Ufa, chimera kapena madeya zimene zanyowa, zachita chuku kapena zikununkha chinyontho, zitayidwe. Chimene simungaphikire ana anu nsima musafululire alendo. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ndipo anthu angapo amene amwera pamodzi akayamba kusanza, kutsegula m'mimba ndi kufooka, onse athamangire kuchipatala nthawi yomweyo, atatenga mowa wotsalawo kuti ukayezedwe. Nthawi yofunafuna wolakwa ndi imene imapha odwala.

"Kachasu akayaka pamoto ndiye kuti ndi weniweni"

Ambiri amathira kadontho pansi n'kuyatsa machesi. Lawi limangosonyeza kuti kachasuyo ndi waukali. Silinena chilichonse za kuyera kwake. Mankhwala a methanol, amene amachititsa khungu ndi kupha, nawonso amayaka bwinobwino, ndipo ngozi yake imakula pamene wogulitsa wosaona mtima asakaniza spiriti wa m'mafakitale kuti mowa uchuluke. Mutu, umene umayamba kudontha potcheza ndipo ambiri amautama, umabwera ndi zinthu zina zoluma zimene akatswiri otcheza mowa m'mafakitale amataya. Ngati mukusunga kachasu wa alendo, mudziwe amene anatcheza ndi ziwiya zimene amagwiritsa ntchito.

"Kukazizira, tsekani ponse mulowetse mbaula"

Usiku wa Juni kumapiri a Tsangano ndi Macanga umalowa m'mafupa, ndipo n'zomveka kuti munthu afune kumata mipata yonse. Koma makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire ndi tulo, zomwe pamalo omwera aliyense angaziyese kuledzera. Pomanga, siyani mpata pakati pa khoma ndi denga mbali ziwiri zoyang'anana. Mangani khoma lalitali kumbali yochokera mphepo ya mwera yokha, kwinako kukhale kotseguka. Mbaula italikirane ndi udzu, ndipo munthu asagone m'menemo makala akunyeka.

"Ndi pakhomo panga, palibe angandiuze"

Kulandira alendo ndi ufulu wanu. Koma tsiku limene mwayamba kulandira mametikala posinthana ndi botolo, malowo asanduka bizinesi, ndipo pamafunika chiphaso cha boma. Malamulo a Mozambique okhudza zakumwa zoledzeretsa amaletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18. Funsani ku ofesi ya posto ndi kwa amfumu musanaumbe njerwa. Kambiranani ndi akunyumba kwanu, pakuti phokoso, kutsuka ziwiya ndi kusesa zidzawakhudza tsiku lililonse. Chisakasa chitalikirane ndi chipinda chogona ana, chikhale ndi njira yakeyake, ndipo chimbudzi ndi potsukira m'manja zikonzedwe denga lisanafoleredwe. Mabotolo akhale m'kabati yokhoma.

Pomaliza, sungani mphasa ndi bulangete la mlendo. Misewu yathu ndi yamapiri ndi yamakona, ndipo njinga yamoto usiku siigwirizana ndi munthu amene wamwa. Mwini malo amene amalimba mtima kusunga kiyi wa mnzake mpaka m'mawa, n'kumupatsa madzi, nsima ndi pogona, angathe kudandaulidwa usiku umenewo, koma wachita udindo umene anausenza tsiku limene anaitana anthu kudzamwera pakhomo pake.