Kodi mudapita kubwalo liti, mayi?

Mayi wina wa ku Mua wandilembera kuti mwamuna wake adamusiya ndi ana atatu, sathandiza, koma nkhani akuti "idatha kale kukhoti". Nditafunsitsa, khoti lakelo ndi patsinde pa mtengo kwa nyakwawa.

Mawuwa ngosokonezadi. Pachingerezi court ndi kwa majisitireti, ndi posewerera netibolo, ndi kunyumba yachifumu, ngakhalenso kufunsira mbeta. Lathuli bwalo ndiye kaya: povinira gule wamkulu, potera ndege, pozengera mlandu wa mbuzi yodya chimanga cha eni.

Tsono mayi, tamverani. Amfumu ndi ankhoswe ntchito yawo nkuyanjanitsa. Sindikuwanyoza ayi, mabanja ambiri adapulumukira pomwepo. Koma mphamvu yothetsa ukwati wa chinkhoswe ndi yolamula bambo kuti azipereka chithandizo ili ndi khoti la majisitireti. Lamulo loteteza ana la 2010 likuti kholo lisamale mwana wake, banja lithe lisathe.

Loya simukumusowa. Tengani nkhoswe wanu ndi makadi akusikelo a anawo, mukadandaule kwa kalaliki wa khoti lapafupi. Zikavuta, kwerani ya pa Khwekhwerere mukafike ku Dedza boma.