Amisiri Oika Matchaja a Galimoto ku Britain

Munthu wa ku Britain akagula galimoto yoyendera magetsi sachedwa kuitana mmisiri kuti adzamuikire tchaja pakhoma la nyumba, ndipo funso lake loyamba limakhala lakuti ntchitoyo itha nthawi yanji. Ambiri amauzidwa kuti maola awiri mpaka anayi. Si bodza ayi. Ngati mawaya a m'nyumba ali bwino, mita ya magetsi ili pafupi ndi poimika galimoto, ndipo waya wofunika sakupitirira mamita 10 m'litali, mmisiri wofika 8 koloko m'mawa amakhala atalongedza zida nkhomaliro isanakwane. Komatu amenewa ndi maola okhawo amene mwininyumba amawaona ndi maso. Ochuluka amathera pa mafomu, pa kudikira, ndi m'zaka zimene mmisiriyo anatha akuphunzira.

Wina angafunse kuti bwanji osangolowetsa pulagi mu soketi basi. Zimatheka ndithu. Soketi ya ku Britain ndi yomwe ija ya mabowo atatu imene tili nayo ku Malawi, ndipo ma volt ake ndi 230 chimodzimodzi. Koma pa soketi wamba galimoto imalandira makilowati 2.3 okha, moti batire la 60 kWh lingathe usana ndi usiku lisanadzaze. Tchaja ya pakhoma imapereka makilowati 7, imakoka ma amp 32, ndipo batire lomwelo limadzaza m'maola 8 kapena 9. Apa ndi pamene pagona nkhani. Ketulo imakoka makilowati atatu kwa mphindi zochepa n'kuzima, pomwe tchaja imakoka kuposa kawiri pamenepo usiku wonse, eni nyumba ali m'tulo. Polumikizira pamene sipanamangidwe mwamphamvu pamayamba kutentha, pulasitiki n'kumasungunuka popanda woona. N'chifukwa chake tchaja imafuna waya wakewake wonenepa ndi chotetezera chakechake, ndiponso munthu wodziwa chimene akuchita.

Ntchito imayambira pa zithunzi. Mwininyumba amauzidwa kuti ajambule pa foni mita, bokosi la maswichi, polowera paipi ya gasi ndi ya madzi, ndi njira yonse imene waya adzadutse. Mmisiri akamaona zithunzizi diso lake limathamangira pa kabokosi kakuda kapena kotuwa kamene kali pambali pa mita. M'menemo muli fyuzi yaikulu ya nyumba yonse, ya ma amp 60, 80 kapena 100. Fyuziyo si ya mwininyumba, ndipo si ya mmisiri kuti angoisintha yekha. Ndi ya kampani yosamalira nthambo za m'deralo, monga UK Power Networks ku London kapena Northern Powergrid ku Leeds ndi Newcastle. Nyumba yakale ya fyuzi ya 60, momwe muli shawa yamagetsi ndi chitofu chamagetsi, ikasenzetsedwanso 32 ya galimoto katundu amachuluka. Ngati zonse pamodzi sizikupitirira 60, mmisiri amaika tchaja n'kudziwitsa kampaniyo pasanathe masiku 28. Zikapitirira, ayenera kuyamba wapempha, ndipo mwina kudikira kuti eni ake abwere kudzaika fyuzi yokulirapo. Matchaja ambiri amabweranso ndi kachipangizo kopana pa waya wolowa m'nyumba, koyeza magetsi amene nyumba ikudya, kotero shawa ikayatsidwa tchaja imachepetsa yokha liwiro.

Chimene amisiri safuna kuchiona m'chithunzi ndi mawaya awiri otuluka pansi pa kabokosi kaja. Nthawi zambiri zimenezi zimasonyeza kuti nyumba ziwiri zoyandikana zikudyera waya mmodzi wochokera kumsewu. Kuzilekanitsa kumafuna kukumba, mwina pabwalo la neba, ndipo nebayo ayenera kuvomera. Maola ochepa aja apa amasanduka masabata, penanso miyezi. Galimoto yatsopano imakhala ili pakhomo, mwini wake akukatchajira kumsewu pamtengo wokwera, ndipo amene amalandira mafoni aukali ndi mmisiri, chonsecho wochedwetsa si iye.

Tsiku la ntchito likafika, chimene chimadya nthawi si tchajayo. Kuikhoma pakhoma n'kwa mphindi zochepa. Chovuta ndi ulendo wa waya. M'nyumba zambiri zakale mita ili pansi pa masitepe, pakatikati pa nyumba, ndiye waya ayenera kudutsa pansi pa matabwa a pansi, kapena kukwera kudenga n'kutsikira kuseri. Mmisiri amakwawa m'fumbi, amaboola njerwa zimene zakhala zaka zana, amakwera makwerero mvula ikuwaza, ndipo ngati galaja ili patali ndi nyumba amakumba ngalande yoti aikemo waya wokutidwa ndi chitsulo. Ntchito yotere ndi ya tsiku lathunthu. M'nyengo yozizira, pamene kumada cha m'ma 4 koloko madzulo, amamaliza ndi tochi pamphumi.

Kenako pali nkhani ya waya wachitetezo wotchedwa earth, imene ine ndimaiona ngati mtima wa ntchito yonseyi. M'nyumba zambiri za ku Britain neutral ndi earth zimabwera pa waya mmodzi kuchokera kumsewu. Wayayo akaduka kunja uko, chitsulo chilichonse cholumikizidwa ku earth ya nyumba chikhoza kukhala ndi moto. Tsono galimoto ndi chitsulo, ili panja, ndipo munthu amaigwira atapondetsa mapazi pansi ponyowa. Poyamba amisiri ankakhoma ndodo yakopa m'nthaka kuti tchaja ikhale ndi earth yakeyake, ntchito yofuna kusamala chifukwa pansipo pamadutsa mapaipi a gasi ndi madzi. Mu 2020 malamulo a mawaya otchedwa BS 7671 anasinthidwa pa gawo 722, lokhudza magalimoto amagetsi, ndipo njira yogwiritsa ntchito zipangizo zozindikira vutoli n'kudula magetsi zokha inafala. Matchaja ambiri lero ali nacho chipangizocho m'kati. Ntchito inafupika, koma udindo wosankha njira yoyenera nyumba iliyonse unatsalabe m'manja mwa mmisiri.

Waya akalumikizidwa, mmisiri amatulutsa makina oyezera. Amayeza ngati earth yagwira, ngati chikopa cha waya sichikudontha magetsi, ndiponso ngati chotetezera chikudula msanga pakachitika vuto. Alinso ndi kabokosi konamizira galimoto, kuti aone mmene tchaja ikuyankhira. Zonse amazilemba pa satifiketi. Akatero amatsala ndi ntchito imene amisiri akale sanaiganizepo: kulumikiza tchaja ku intaneti ndi ku foni ya mwininyumba. Kuyambira pa 30 June 2022 tchaja iliyonse ya pakhomo yogulitsidwa ku England, Scotland ndi Wales iyenera kukhala yotha kutumiza ndi kulandira uthenga, ndipo imabwera itatcheredwa kuti izipewa nthawi imene anthu ambiri akugwiritsa ntchito magetsi, 8 mpaka 11 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo mpaka 10 koloko usiku m'kati mwa sabata. Wi-Fi ikakhala yosafika panja, munthu amene wagonjetsa khoma la njerwa amatha theka la ola akulimbana ndi foni.

Nanga anthuwa ndani? Ambiri analowa ntchito ali achinyamata, n'kutha zaka pafupifupi zinayi akuphunzira pansi pa mmisiri wamkulu uku akupita ku koleji, mpaka kukhoza mayeso a manja otchedwa AM2. Maphunziro a matchaja, monga a City & Guilds, ndi a masiku ochepa chabe, ongowonjezera pamwamba pa maziko amenewo. Kuyambira 2005, ku England ndi Wales ntchito ngati kuika waya watsopano m'nyumba iyenera kudziwitsidwa kwa oyang'anira zomangamanga, ndipo amisiri olembetsa ku mabungwe ngati NICEIC ndi NAPIT amaloledwa kutsimikizira okha ntchito yawo. Ena ndi olembedwa ntchito ndi makampani aakulu monga Octopus Energy, amayenda pa vani ya kampani. Ena ndi odziimira paokha, munthu mmodzi ndi vani yake, amene dzulo anali kuika mababu m'khitchini. Enanso amatenga ntchito kwa makampani ena n'kumalipidwa pa tchaja iliyonse imene aika.

Gulu lotsirizali ndi limene limandidetsa nkhawa. Munthu wolipidwa pa tchaja, amene wapatsidwa nyumba ziwiri kapena zitatu patsiku m'matauni otalikirana, amayamba kuwerenga mphindi. Kuboola khoma sangakudumphe, kukoka waya sangakudumphe. Chimene chingadumphidwe popanda mwininyumba kuzindikira ndicho kuyeza, komwe ndi kumene kumateteza moyo. Mmisiri amene wafika pakhomo n'kupeza kuti paipi ya gasi ilibe waya wa earth, n'kunena kuti lero saika tchaja mpaka zimenezo zitakonzedwa, wataya malipiro a tsikulo ndipo wakhumudwitsa kasitomala. Ameneyo ndiye wogwira ntchito bwino, ndipo malipiro ayenera kukonzedwa moti kukana kotere kusamusiye ndi njala.

Ntchito yokhayo ikusintha nkhope. Kuyambira June 2022 nyumba zatsopano za ku England zokhala ndi poimika galimoto zimamangidwa ndi tchaja kale, choncho gawo lina lapita kwa amisiri a pa zomangamanga. Mu April chaka chomwecho thandizo la boma la mapaundi 350 linachotsedwa kwa eni nyumba n'kutsalira a lendi ndi okhala m'mafulati, kumene pamafunika chilolezo cha landilodi ndipo waya amayenda mtunda wautali. Ndiye pali nyumba zamdadada za ku Manchester, Leicester ndi mizinda ina, zimene khomo lake limatsegukira kumsewu popanda bwalo. Kumeneko makhonsolo ena ayamba kulola kangalande kodutsa m'njira ya oyenda pansi kuti waya asapunthwitse anthu, ndipo mmisiri sayamba ntchito khonsolo isanavomere.