Njira Yosumira Mlandu wa Ngongole ku Khoti la Majisitireti

Chaka ndi chaka, dzinja likapita, pamene fodya, soya ndi mtedza zayamba kutsika m'mapiri a kwa Mfumu Msakambewa kunka ku misika ya Mponela ndi ku boma la Dowa, m'midzi mumabuka milandu yofanana nkhope: wina anapereka matumba ake kwa wogula amene analumbira kuti adzabwera ndi ndalama Loweruka, koma Lowerukalo silifika, wina anakongoza mnzake ndalama za feteleza, wina anamangira munthu nyumba kufikira denga, malipiro osawaona. Ambiri mwa olakwiridwawa amangolirira mumtima, poyesa kuti khoti ndi nyumba ya eni chuma ndi odziwa Chingerezi, chonsecho gawo 41 la Malamulo Aakulu a dziko lino, amene anakhazikitsidwa mu 1994, lipatsa munthu aliyense, wolemera ndi waumphawi yemwe, ufulu wofika pamaso pa woweruza ndi kulandira chilungamo.

Komabe munthu wanzeru sathamangira ku khoti asanapondeko pa bwalo la kwawo. Ayambe wapita kwa mwini ngongoleyo pamodzi ndi munthu wamkulu. Zikakanika, akagwade kwa nyakwawa, kenaka kwa agulupu, pakuti mafumu adziwa anthu awo ndi mizu ya milandu yawo, ndipo ngakhale Malembo alangiza kuyanjana ndi mnzako mukali panjira. Chimene mfumu ilibe ndicho mphamvu ya lamulo yolanda katundu wa munthu wokanika. Makhoti a makolo, amene anakuzidwa mphamvu mu 1969 pa ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, anatha pobwera ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo ntchito yawo inagwera makhoti a majisitireti, monga amene ali ku Dowa, ku Mponela ndi ku Ntchisi. Kupolisi nako si kolipitsirako ngongole, chifukwa kulephera kubweza ngongole ndi mlandu wa pakati pa anthu awiri, wosiyana ndi kuba kapena kupeza katundu mwachinyengo, milandu imene boma liimba lokha.

Makolo anati mlandu suola, ndipo pa bwalo la mfumu mawuwo ali oona. Koma lamulo la boma linaika malire akuti mlandu wa ngongole kapena wa kuphwanya pangano usumidwe zisanathe zaka 6 chiyambire tsiku limene ndalamazo zinayenera kuperekedwa, ndipo wa kuvulazidwa m'thupi chifukwa cha kusasamala kwa wina, zisanathe zaka 3. Wozengereza angathe kukhala wolungama pa zonse, nabwerera chimanjamanja chifukwa cha nthawi yokha.

Tsono, amene watsimikiza mtima apite ku khoti la dera limene wodandaulidwayo akhala kapena kumene nkhaniyo inachitikira, nakaonane ndi kalaliki woona za milandu ya pakati pa anthu, atanyamula dzina lenileni la womusumirayo, mudzi wake ndi mfumu yake, kuchuluka kwa ndalama, tsiku la pangano ndi chifukwa chake. Kalalikiyo adzamuuza ngati khotilo lili ndi mphamvu pa mlanduwo, pakuti majisitireti ali m'magiredi osiyana, ndipo giredi iliyonse ili ndi mlingo wa ndalama umene siingapyole. Za umwini wa malo zili ndi mabwalo ake, ndipo za kuchotsedwa ntchito zimanka ku khoti loona za apantchito. Akalemba samani, wodandaula alipira ndalama yoikika ndi boma, ndipo asachoke pa zenera wopanda lisiti, popeza ndalama yopanda lisiti siinalowe m'thumba la boma, ndiponso lisitilo ndilo lidzamthandiza kuitanitsa zimene anawononga akapambana. Pa milandu ya ndalama zochepa pali malamulo apadera ofewetsa kayendetsedwe kake, kotero kuti munthu atha kudziyankhulira yekha wopanda loya.

Samani iyenera kufika m'manja mwa wodandaulidwayo, ndipo khoti lifuna umboni wakuti inafikadi, chifukwa palibe munthu aweruzidwa asanapatsidwe mpata womveka. Iye akalandira angathe kuvomera ngongoleyo, napempha kulipira pang'onopang'ono, angathe kukana, kapena angathe kunena kuti wodandaulayo nayenso ali naye mangawa. Akanyozera osayankha kapena osabwera, woweruza ali ndi mphamvu yogamula iye kulibe. Momwemonso wodandaula akajomba pa tsiku lake, mlandu wake ungathe kuthetsedwa.

Tsiku lozenga mlandu ndilo liyesa kukonzeka kwa munthu. Wodandaula ndiye ayamba, atalumbira kunena zoona, ndipo ayankhule m'Chichewa mopanda mantha, pakuti ngakhale zolembedwa za khoti zili m'Chingerezi, womasulira alipo. Afotokoze mwa ndondomeko, choyamba poyamba, osasakaniza ndi zakale za maliro kapena za malire a dimba zimene sizikhudza ngongoleyo; aonetse kalata ya pangano, kope la m'sitolo, lisiti la sikelo, kapena uthenga wa pa foni wosonyeza ndalama zotumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba; ndipo abwere ndi mboni zimene zinaona ndi maso, pakuti zakumva kwa ena zilibe kulemera pamaso pa woweruza. Akatha, winayo amfunsa mafunso, ndipo iyenso adzapatsidwa nthawi yofunsa winayo ndi mboni zake. Pa milandu yotere woweruza safuna umboni wochotsa chikaiko chonse monga pa mlandu wa upandu. Aika mbali ziwirizo pa muyeso, nagamula mokomera imene ili yokhulupirika koposa. Ndipo wokongoza mwa katapila adziwiretu kuti khoti lili ndi mphamvu younikanso pangano la chiwongoladzanja chopyola muyeso ndi kuchichepetsa.

Kupambana mlandu sindiko kulandira ndalama. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Wogonjayo akapanda kulipira pa nthawi imene khoti lamuikira, wopambana asadzitengere yekha mbuzi kapena njinga ya mnzake, kuopa kusandutsa chilungamo chake kukhala mlandu wa kuba. Abwerere kwa kalaliki, napemphe chikalata cholamula asherifu kukagwira katundu wa wangongoleyo ndi kumgulitsa pa okushoni. Apa ndipo pafunika kulingalira usanasume, pakuti munthu amene alibe kanthu palibe chomulanda, ndipo ulendo wa kabaza kunka ku boma kangapo ungadye ndalama zoposa ngongoleyo.

Amene sanakhutire ndi chigamulo ali ndi ufulu wochita apilo ku Khoti Lalikulu, limene kwa anthu a m'chigawo cha pakati likhala ku Lilongwe, koma achite msanga, chifukwa masiku ake ali owerengeka. Osauka amene mlandu wawakulira apemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, ofesi imene boma linaikira anthu osatha kulemba loya.

Pa zonsezi, mlandu wa ngongole umapambanidwa kapena kutayika pa tsiku lokongoza. Chifukwa chake, inu eni mudzi, pokongoza ngakhale mlamu wanu, lembani pa pepala dzina, ndalama ndi tsiku lobweza, onse awiri musaine kapena kudinda chala pamaso pa mboni ziwiri, ndipo aliyense asunge lake; pakuti chibale chimene chikadasweka pa kukanirana chimasungika pamene palibe chokanirana.