Chitsulo chimayamba kusungunuka m'mphepete

Tsiku la msika pa Mponela kapena pa Ntchisi Boma, phokoso la amisiri okhoma ndowa ndi makeni othirira kudimba limamveka kutali. Akatha kukhoma, mmisiri amatenthetsa kachitsulo kake pamakala, n'kupaka asidi pamsoko, kenako n'kukhudzitsa solda. Soldayo amasungunuka n'kulowerera mumpata wopyapyala ngati tsitsi pakati pa malata awiriwo. Akazizira, ndowa sidonthanso.

Solda wakale ndi msanganizo wa tini ndi mtovu. Mtovu pawokha umasungunuka pa madigiri 327, tini pa 232, koma akazisakaniza bwino zimasungunuka pa 183 basi. N'chifukwa chake moto wa mbaula umakwana. Asidi amachotsa dzimbiri losaoneka pamwamba pa lata, apo ayi solda amangoundana timibulu osagwira. Anyamata okonza mafoni ku Dzaleka ndi ku Madisi akuchita ntchito yomweyi, kungoti misoko yawo ndi yaing'ono zedi.

Pamene mmisiri amayang'anitsitsapa ndi pamenenso akatswiri a sayansi akhala akuyang'ana kwa zaka zoposa 100. Chitsulo sichisungunuka chonse nthawi imodzi. Chimayambira pamwamba ndi m'malire, pamene maatomu alibe anzawo owagwira mbali zonse. Mu 1909 katswiri wina, Pawlow, analosera kuti kachitsulo kakachepa kwambiri kamasungunuka msanga, ndipo mu 1954 Mieko Takagi wa ku Japan anaziona pa timiyalo topyapyala ta mtovu ndi tini. Mu 1976 Buffat ndi Borel ku Switzerland anaonetsa kuti golide, amene amafuna madigiri 1,064, amasungunuka pa kutentha kotsika ndi madigiri mazanamazana akakhala timibulu tosaoneka ndi maso.

Chodabwitsa chili mbali inayi. Kachitsulo kopyapyala kakapanidwa ndi chitsulo china cholimba, maatomu a mbali zonse n'kulumikizana mwadongosolo, kusungunuka kumasowa poyambira. Mu 2000 gulu la Ke Lu ku Shenyang, m'dziko la China, linapana timiyalo ta mtovu pakati pa aluminiyamu, ndipo tinakhalabe tolimba kutentha kutadutsa pamene mtovu umasungunukira. Mwa njira ina, mu 2025 akatswiri pamalo ofufuzira a SLAC, ku California, anawomba kamuyalo ka golide ndi leza mofulumira kwambiri moti kanafika madigiri pafupifupi 19,000 kasanasungunuke, ngakhale kuti zinatero kwa kamphindi kosawerengeka. Opanga mafoni ndi makompyuta amatsatira kafukufukuyu chifukwa timawaya ta m'kati mwa zipangizo zawo tafika pa kupyapyala komweko.

Kuno kwathu, kamuyalo kamene tiyenera kukadziwa kali pamalata. Kunyezimira kwa lata latsopano ndi zinki wokutidwa pachitsulo kuti chisachite dzimbiri. Zinki amasungunuka pa madigiri 420 n'kuwira pa 907, pamene chitsulo chimafuna pafupifupi 1,500. Choncho wowotcherera akamalumikiza paipi kapena lata lokutidwa, zinki amasanduka utsi woyera chitsulo chisanayambe n'komwe kusungunuka. Wopuma utsiwo amamva bwinobwino masana, koma usiku thupi limatentha, kuzizidwa ndi kuphwanya ngati malungo. Mkaka umene ena amamwa akaweruka suteteza mapapo. Choteteza ndi kupala zinki pamalo owotchererapo ndi kugwirira ntchito popita mphepo.

Mtovu wa mu solda ndiwo umandidetsa nkhawa koposa, chifukwa supweteka tsiku lomwelo. Umatsalira m'manja, n'kulowa m'thupi ndi nsima, ndipo umawononga ubongo wa mwana mosabwerera. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene ungatchedwe wabwino. Mayiko a ku Ulaya analetsa solda wa mtovu m'zipangizo zambiri zamagetsi kuyambira 2006. Solda wopanda mtovu alipo, amangofuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 217.

Amisiri ambiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi anaphunzira ntchito poonera akuluakulu, ndipo luso ali nalo. Bungwe la TEVETA liwapeze kumisika komweko ndi maphunziro a utsi wa zinki ndi mtovu, ndipo Malawi Bureau of Standards ionetsetse kuti solda wogulitsidwa m'mashopu walembedwa zimene zili m'kati mwake. Inunso pogula ndowa yotungira madzi akumwa, funsani mmisiri kuti wamata ndi solda wanji.