Mphamvu ya womenya baseball ili m'chiuno

Sabata yatha bambo wina anabwera pabwalo ndi mwana wake wa zaka 12, nati: "Aphunzitsi, manja a mwanayu ndi ofooka, muzimunyamulitsa zitsulo." Nditamuona akumenya, manja analibe vuto. Mpira usanafike, thupi lonse linali litagwera kale pa mwendo wakutsogolo, mutu utapendekera, chibonga chikungokupiza mphepo.

Bodza loti womenya amadalira manja landitopetsa. Mphamvu imayambira pansi. Phazi lakumbuyo limakankha nthaka, chiuno chimatembenuka, mapewa amatsatira, manja n'kubwera pomalizira. Amene anawazapo nkhuni akudziwa kuti ukamadalira manja okha nkhwangwa imangodumpha pachipika. Ted Williams wa Boston Red Sox, amene avareji yake ya kamenyedwe inafika pa .406 mu 1941, ankaphunzitsa zomwezi: chiuno chitsogole.

Ife timati load, kutanthauza kusunga kulemera kwa thupi pa mwendo wakumbuyo mpaka nthawi itakwana. Ana ambiri amataya kulemerako msanga chifukwa chopupuluma. Sindiwadzudzula. M'maligi akuluakulu woponya amaima mamita 18.44 okha kuchokera pa womenya, ndipo mpira umafika theka la sekondi lisanathe. Mutu ukagwedezeka, maso ataya mpira, basi.

Taonani Sadaharu Oh wa Yomiuri Giants ku Japan. Mu 1962 mphunzitsi wake Hiroshi Arakawa anamuyambitsa kudikira mpira ataima ndi mwendo umodzi, ndipo ankamuphunzitsa kuyeserera ngakhale ndi lupanga kuti thupi likhazikike. Oh anamenya ma home run 868, ndiye kuti mipira yotuluka kunja kwa mpanda. Munthu woima ndi mwendo umodzi sanganamize aliyense: akapendekera pang'ono wagwa. Mphamvu sidaliranso kukula kwa thupi: José Altuve ndi wamfupi, mamita 1.68, koma mu 2017 anasankhidwa wosewera bwino koposa mu American League.

Sindikuti mwana aliyense aime ngati Oh, matupi amasiyana. Kwa ambiri, kutangadza miyendo kuposa mapewa pang'ono, kupinda maondo ndi kupondera kutsogolo kwa phazi kumathandiza. Akamenya, aime pomwepo muwerenge mpaka katatu. Akadzandira, vuto lili m'miyendo.

Makolo, zitsulo zidikire kaye. Mwana ayambe waphunzira kuima.